Tifunseni: Kodi Dipatimenti ya Sayansi ya pa Yunivesite Imagwirira Ntchito Ndani?

Makalata amene tayankha m'kope lino alembedwa ndi anthu osiyana, koma onse akukhudza malo amodzi, omwe ndi dipatimenti ya sayansi ya pa yunivesite, kumene kumaphunzitsidwa fizikisi, kemisitiri, bayoloje ndi masamu. Ena mwa makalatawa tawafupikitsa, ndipo maina a olemba tawabisa monga timachitira nthawi zonse pa tsamba lino.

FUNSO: Mwana wanga ali m'chaka chachiwiri ndipo akuphunzira kemisitiri. Akabwera kutchuthi amadandaula kuti aphunzitsi ake ena sapezeka kawirikawiri mu ofesi chifukwa amakhala mu labotale, kapena apita kumsonkhano, kapena akulemba makalata opempha ndalama za kafukufuku. Ine ndinatumiza mwanayu kuti akaphunzitsidwe. Kodi kafukufukuyu sakudya nthawi imene inayenera kukhala ya ana athu? — Bambo wa wophunzira

YANKHO: Bambo, dandaulo lanu ndi lomveka ndipo sindikufuna kulipeputsa, chifukwa mphunzitsi amene wapatsidwa kalasi ali ndi udindo pa kalasiyo, ndipo palibe kutanganidwa kumene kungamuchotsere udindowo. Komabe musanagamule kuti kafukufuku ndiye akumulanda mwana wanu aphunzitsi, ndiloleni ndifotokoze chifukwa chimene yunivesite imafunira kuti munthu mmodzi yemweyo aziphunzitsa komanso azifufuza.

Kwa zaka mazana ambiri, ntchito yaikulu ya mayunivesite inali kupatsira achinyamata zimene zinalembedwa kale m'mabuku. Zinthu zinayamba kusintha kwambiri pamene yunivesite ya Berlin inatsegulidwa m'chaka cha 1810 motsatira maganizo a Wilhelm von Humboldt, omwe ankati kuphunzitsa ndi kufufuza siziyenera kulekanitsidwa, popeza nzeru si chinthu chimene chinatha kupezedwa, ndipo mphunzitsi ndi wophunzira onse ali pa ntchito imodzi yozifunafuna. Pa phunziro la mwana wanu lenilenilo, munthu amene anaonetsa kuti maganizo otere ndi otheka ndi a Justus von Liebig, omwe anayamba kuphunzitsa ku yunivesite ya Giessen, m'dziko la Germany, m'chaka cha 1824. Iwo sanakhutire ndi kuimirira kutsogolo n'kumachita zoyesa ophunzira akungoonerera, koma anawalowetsa mu labotale tsiku ndi tsiku kuti azigwira zipangizo ndi manja awo, kuyambira pa zinthu zodziwika kale mpaka kufika pa mafunso amene mayankho ake sankadziwika ndi wina aliyense. Achinyamata ochokera m'maiko ambiri anapita kukaphunzira kumeneko, ndipo pobwerera kwawo anakatsegula malabotale a mtundu womwewo. Mapulakitiko amene mwana wanu amachita sabata iliyonse anachokera m'njira imeneyi.

Chifukwa choyamba chimene kafukufuku amafunikira kwa wophunzira n'chakuti sayansi imasintha, ndipo nthawi zina imasintha pa zinthu zimene aliyense ankaziona ngati zosatsutsika. Kwa zaka zambiri mabuku ankaphunzitsa kuti zilonda za m'mimba zimayamba makamaka chifukwa cha nkhawa ndi kuchuluka kwa asidi, mpaka pamene a Barry Marshall ndi a Robin Warren a ku Perth, m'dziko la Australia, anaonetsa m'zaka za m'ma 1980 kuti zambiri mwa zilondazi zimayambitsidwa ndi bakiteriya wotchedwa Helicobacter pylori. Iwo analandira mphoto ya Nobel m'chaka cha 2005. Mphunzitsi amene anasiya kufufuza ndi kuwerenga zimene anzake akupeza akhoza kuphunzitsa mokhulupirika, ndi mtima wonse, zinthu zimene zinatsutsidwa kale. Chifukwa chachiwiri, chomwe kwa ine ndicho chachikulu, n'chakuti wophunzira sayansi sapita ku yunivesite kukatenga mayankho okha. Iye ayenera kuphunzira mmene munthu amadziwira kuti yankho ndi loona, kutanthauza kuyeza mosamala, kubwereza zoyesazo, kulemba zonse m'buku la mu labotale ngakhale zimene zakanika, ndi kukayikira zotsatira zake zomwe asanazilengeze. Luso limeneli munthu amalitengera kwa wina amene akuligwiritsa ntchito tsiku lililonse.

Makalata opempha ndalama amene mwatchula nawonso sali kutali ndi mwana wanu monga mmene akuonekera. M'madipatimenti ambiri, makina okwera mtengo, makemikolo, makompyuta, ngakhale ndalama zolipirira ophunzira a digiri ya masitazi ndi ya PhD, zimachokera ku thandizo limene aphunzitsi amapikisana kuti alipeze, ndipo pempho limodzi limatha kutenga miyezi kulemba koma n'kukanidwa. Phindu la ntchito yotere limachedwanso kuoneka. A Katalin Karikó anakhala zaka zambiri akufufuza za mRNA, kanthu ka m'maselo a thupi kamene kamanyamula malangizo opangira mapuloteni, ku yunivesite ya Pennsylvania mapempho awo a ndalama akukanidwa mobwerezabwereza, ndipo zimene anasindikiza pamodzi ndi a Drew Weissman m'chaka cha 2005 sizinakope anthu ambiri pa nthawiyo. Patapita zaka pafupifupi 15, zimenezo ndizo zinathandiza kuti ena mwa akatemera a Covid-19 apangidwe mofulumira, ndipo awiriwa analandira mphoto ya Nobel m'chaka cha 2023. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kafukufuku amafuna kudekha kotero.

Koma pali mbali imene mukunena zoona, ndipo ndiyenera kuivomereza poyera. M'mayunivesite ambiri padziko lonse, mphunzitsi amakwezedwa pa udindo makamaka poyang'ana kuchuluka kwa zimene wasindikiza ndi ndalama zimene wabweretsa, pomwe kuphunzitsa bwino sikuwerengeredwa mokwanira. Zikatero, ena amayamba kuona kalasi ngati chosokoneza, amachedwa kubweza mapepala ochongedwa, ndipo makalasi a chaka choyamba, omwe amafuna luso lalikulu koposa, amasiyidwa kwa aphunzitsi ongoyamba kumene. Izi n'zolakwika, ndipo sizilungamitsidwa ndi ubwino wa kafukufuku. Dipatimenti yoyendetsedwa bwino imaonetsetsa kuti mphunzitsi aliyense walemba pachitseko pake maola amene amakumana ndi ophunzira ndipo akuwasunga, kuti wophunzira aliyense ali ndi mlangizi wa zamaphunziro, ndiponso kuti nthumwi za ophunzira zili ndi malo operekera madandaulo popanda kuopa kulangidwa pa mayeso.

Choncho mulimbikitseni mwana wanu kuti alembere aphunzitsiwo imelo yaifupi ndi yaulemu yopempha nthawi yokumana, atatchula mwachindunji chimene sanamve. Ngati sayankhidwa kangapo, adzere kwa mtsogoleri wa kalasi, kenako kwa mkulu wa dipatimenti. Ndikupemphani kuti inuyo musapite nokha kukadandaula, chifukwa yunivesite imamutenga mwanayo ngati munthu wamkulu, ndipo kudzilankhulira ndi gawo la maphunziro ake. Chinanso, m'malo mongodikira pakhomo la ofesi, angathe kuwatsata aphunzitsiwo ku labotale kumene. Awerengeko chimodzi mwa zimene iwo anasindikiza, ngakhale atamvapo zochepa, ndipo apemphe kuthandiza nawo pa tchuthi, ngakhale ntchito yake itakhala yotsuka zipangizo ndi kulemba manambala. A Donna Strickland anali wophunzira wa PhD ku yunivesite ya Rochester pamene anasindikiza, m'chaka cha 1985, pamodzi ndi aphunzitsi awo a Gérard Mourou, njira yowonjezera mphamvu ya kuwala kwa laser, yomwe lero imagwiritsidwa ntchito pa maopaleshoni a maso, ndipo ntchito imeneyo ndiyo inawabweretsera mphoto ya Nobel m'chaka cha 2018.

FUNSO: Kusekondale ndinkakhoza bwino kwambiri masamu ndi fizikisi, koma pa mayeso oyamba a ku yunivesite ndalephera masamu. Ndimawerenga ndekha mpaka pakati pa usiku, ndipo ndimachita manyazi kufunsa chifukwa anzanga amaoneka ngati akumva zonse. Ndayamba kuganiza kuti anandisankha molakwitsa. Kodi ndisinthe kosi? — Mtsikana wa chaka choyamba

YANKHO: Chemwali, musafulumire kusintha kosi chifukwa cha mayeso amodzi, ndipo musakhulupirire kuti anzanu onse akumva zonse, chifukwa ambiri mwa iwo akubisa mantha ofanana ndi anu. Chimene chakuchitikirani chimachitikira ophunzira ochuluka amene ankatsogola kusekondale, ndipo kawirikawiri vuto silikhala nzeru koma kaphunziridwe. Kusekondale mphunzitsi amayenda nanu pang'onopang'ono ndipo mafunso a mayeso amafanana ndi amene munayeserera. Ku yunivesite mphunzitsi amatha kumaliza mu ola limodzi zimene kale zinkatenga sabata, ali ndi chiyembekezo chakuti mukakhala maola ena angapo mukulimbana nazo panokha, ndipo mayeso amafuna kuti mugwiritse ntchito mfundo pa funso limene simunalionepo.

Mwanena kuti mumawerenga mpaka pakati pa usiku, ndipo ndikufuna tiime pamenepo. Masamu ndi fizikisi saphunziridwa pongowerenga. Munthu akabwereza kuwerenga manotsi, tsamba limayamba kuoneka lozolowereka ndipo amaganiza kuti wadziwa, koma akapatsidwa pepala lopanda kanthu amasowa poyambira. Tsekani buku, tengani funso, ndipo muyese kuliyankha mpaka mutakakamira. Kenako yang'anani pamene mwalakwitsa, ndipo mawa lake mulibwereze osayang'ana. Ola limodzi lotere limaposa maola anayi ongoyendetsa maso pa tsamba, ndipo lidzakubwezeraninso tulo, tomwe ubongo umafuna kuti usunge zimene waphunzira.

Nkhani yowerenga nokha nayonso inafufuzidwa kale. M'zaka za m'ma 1970, a Uri Treisman a ku yunivesite ya California ku Berkeley anafuna kudziwa chifukwa chimene ophunzira ena anzeru, amene anabwera ndi magiredi abwino, ankalepherera masamu a calculus pomwe ena ankakhoza. Atawatsatira mosamala, anapeza kuti ambiri mwa olepherawo ankalimbikira ndithu, koma aliyense payekha, pomwe okhozawo ankati akawerenga paokha amakumananso m'magulu, n'kumafunsana, kutsutsana ndi kukonzana zolakwika. Iwo anayambitsa magulu ophunzirira pamodzi, ndipo chochititsa chidwi n'chakuti sanawapatse mafunso osavuta ngati anthu ofooka, koma ovuta kuposa a m'kalasi, ndipo zotsatira za ophunzirawo zinakwera kwambiri. Njira imeneyi inatengedwa ndi mayunivesite ena ambiri. M'chaka cha 2014, a Scott Freeman ndi anzawo anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku 225 wokhudza makalasi a sayansi, masamu ndi uinjiniya, ndipo anapeza kuti kumene mphunzitsi ankangolankhula ophunzira akumvetsera, pafupifupi 34 mwa ophunzira 100 alionse ankalephera, pomwe kumene ophunzira ankakambirana ndi kuyankha mafunso m'kalasi momwemo, olephera anali pafupifupi 22 mwa 100 alionse. Ndikutchula izi kuti muone kuti kufuna anzanu ophunzira nawo si chizindikiro cha kufooka. Pezani anthu atatu kapena anayi amene ali ndi cholinga, gwirizanani tsiku ndi nthawi, ndipo aliyense azibwera atayesa kale mafunsowo payekha.

Ponena za maganizo akuti anakusankhani molakwitsa, dziwani kuti ngakhale akatswiri otchuka anawamvapo. A Jocelyn Bell Burnell anafotokozapo kangapo kuti atafika ku Cambridge kukachita PhD ankadziona ngati osayenera malowo, ndipo ankayembekezera kuti tsiku lina adzathamangitsidwa, choncho anatsimikiza zogwira ntchito mosamalitsa kwambiri. Kusamala kumeneko ndiko kunawachititsa kuona, m'chaka cha 1967, kachizindikiro kakang'ono pa mapepala ataliatali otuluka m'makina omvera mafunde a wailesi ochokera kuthambo, kamene kankabwerezabwereza pafupifupi pa sekondi imodzi ndi pang'ono. Umu ndi mmene mtundu wa nyenyezi zotchedwa pulsar unadziwikira.

Tsopano chitani izi mwamsanga, semesita isanapite patali. Pemphani kuona pepala lanu la mayeso kuti mudziwe ngati munalephera chifukwa chosamva mfundo, chifukwa cha kuchepa kwa nthawi, kapena chifukwa cha maziko ena a kusekondale amene sanakhazikike, popeza vuto lililonse mwa awa lili ndi mankhwala akeake. Musajombe ku matutoriyo, omwe ndi makalasi a magulu ang'onoang'ono okambirana mafunso, chifukwa ndiko kumene kufunsa kumakhala kosavuta, ndipo paja safunsa anadya phula. Kaonaneni ndi mlangizi wanu wa zamaphunziro, ndipo werengani buku la malamulo a yunivesite yanu kuti mudziwe zimene limanena pa mayeso obwereza ndi masiku omaliza osinthira maphunziro. Ngati china chimene chikukusokonezani ndi ndalama, malo ogona, matenda kapena ulumali, ofesi yoona za umoyo wa ophunzira inakhazikitsidwira zimenezo. Ndipo ngati mwakhala masabata angapo muli okhumudwa, osagona, osafuna kudya kapena kuonana ndi anthu, pitani kwa mlangizi wa zamaganizo kapena kuchipatala osazengereza. Mukachita zonsezi n'kupeza kuti mtima wanu uli pa phunziro lina, kusintha si chinthu chochititsa manyazi, koma chisankhocho chichokere pa chimene mukuchikonda, osati pa mantha a mayeso oyamba.

FUNSO: Ndinagwira ntchito miyezi yambiri mu labotale pa pulojekiti yanga ya chaka chomaliza. Tsopano ndamva kuti zotsatira zake zikulembedwa kuti zisindikizidwe, koma palibe amene wandiuza ngati dzina langa lidzakhalapo. Kodi ndili ndi ufulu wofunsa? — Wophunzira wa chaka chomaliza

YANKHO: Achimwene, ufulu muli nawo, ndipo funsani tsopano zolembazo zisanatumizidwe, chifukwa kuwonjezera dzina pambuyo pake kumavuta. Magazini ambiri a sayansi, makamaka a zaumoyo, amatsatira mfundo za komiti ya akonzi yotchedwa ICMJE, zomwe zimati wolemba ndi munthu amene wathandiza kwambiri pokonza kafukufukuyo kapena posonkhanitsa, kusanthula ndi kutanthauzira zotsatira, amene watenga nawo mbali polemba kapena pokonza zolembazo, amene wavomereza zimene zikukasindikizidwa, ndiponso amene ali wokonzeka kuyankhapo ngati patapezeka cholakwika. Mfundo zomwezo zimanenanso kuti munthu amene wakwaniritsa mbali yoyambayo ayenera kupatsidwa mwayi wotenga nawo mbali polemba, kotero si chilungamo kumusiya kunja kenako n'kunena kuti sanalembe nawo. Amene wangothandiza pang'ono amatchulidwa m'gawo la kuthokoza.

Pitani kwa aphunzitsi amene ankakuyang'anirani muli ndi buku lanu la mu labotale, ndipo mufunse modekha kuti akukonza bwanji za maina ndiponso kuti mungathandize chiyani pa kulembako. Nthawi zambiri nkhani imathera pomwepo. Ikapanda kutha, mkulu wa dipatimenti kapena komiti yoona za chilungamo pa kafukufuku ndi amene ayenera kuimva. Nkhani ya kuyamikira ophunzira si yaing'ono: dzina la a Bell Burnell, amene ndawatchula pamwambapa, linali lachiwiri pa zolemba za mu 1968 zolengeza za pulsar, koma mphoto ya Nobel ya 1974 inapita kwa aphunzitsi awo a Antony Hewish pamodzi ndi a Martin Ryle, ndipo anthu akhala akukambirana za chigamulocho mpaka lero. Atalandira mphoto ina ya madola 3 miliyoni a ku America m'chaka cha 2018, mayiwa anapereka ndalama zonsezo kuti zizilipirira ophunzira a PhD ya fizikisi ochokera m'magulu amene sapezeka kawirikawiri pa phunziroli.

FUNSO: Ndine mphunzitsi wa sayansi pa sukulu ya sekondale imene ilibe labotale yokwanira. Anthu a ku yunivesite anabwerapo kamodzi, anaonetsa ana zinthu zosangalatsa, anajambula zithunzi n'kumapita. Kodi ntchito yofikira anthu imeneyi ili ndi phindu lenileni, kapena ndi chionetsero chabe? Nanga tingatani kuti itithandize kwenikweni? — Mphunzitsi wa sekondale

YANKHO: Aphunzitsi, funso lanu landikhudza kwambiri, chifukwa likufika pa kusiyana kwa ntchito yofikira anthu yochitidwa bwino ndi yochitidwa pongofuna kudzaza lipoti. Ndiyambe ndi kunena kuti ngakhale tsiku limodzi lingathe kusintha moyo wa mwana. A Michael Faraday anali mnyamata wophunzira ntchito yomanga mabuku ku London, wopanda maphunziro apamwamba, pamene anapatsidwa matikiti okamvera nkhani za katswiri wa kemisitiri a Humphry Davy ku bungwe la sayansi la Royal Institution m'chaka cha 1812. Iwo analemba zonse zimene anamva, anazimanga kukhala buku n'kuzitumiza kwa a Davy, ndipo chaka chotsatira analembedwa ntchito yothandiza mu labotale. Pambuyo pake anadzakhala mmodzi mwa anthu amene anaika maziko a sayansi ya magetsi, ndipo sanaiwale kumene anachokera, chifukwa anali patsogolo pa nkhani za sayansi zokambira achinyamata pa nyengo ya Khirisimasi, zomwe zinayamba m'chaka cha 1825 ndipo zikuchitikabe.

Koma onani bwino chimene chinachitika m'nkhaniyi. Sikuti mnyamatayo anangoonerera n'kubwerera kwawo ali wodabwa, koma panali khomo loti agogode pambuyo pake, ndipo khomolo linatsegulidwa. Apa ndi pamene maulendo ambiri a kusukulu amaperewera. Ana amasangalala ndi moto wosintha mtundu kapena makina oonera tizilombo, koma alendo akachoka, mphunzitsi amatsala ndi silabasi yomweyo ndi kusowa komweko. Mwa kuona kwanga, dipatimenti imene ikufuna kuthandiza sukulu iyenera kuika mphamvu zake zambiri pa inu aphunzitsi, chifukwa mlendo amakhala ndi ana maola awiri pomwe inu mumakhala nawo zaka zingapo, kalasi ndi kalasi.

Choncho musadikire kuti abwerenso mwa kufuna kwawo. Lemberani mkulu wa dipatimenti kalata yodzera kwa mphunzitsi wamkulu wa sukulu yanu, ndipo musangopempha kuti adzacheze, koma mutchule mitu itatu kapena inayi ya m'silabasi imene ana anu amavutika nayo chifukwa chosowa zipangizo. Pemphani kuti akuphunzitseni inuyo ndi aphunzitsi a sukulu zoyandikana nanu njira zochitira mapulakitiko ndi zinthu zosavuta kupeza, kuti ana a kalasi yolemba mayeso aloledwe kugwiritsa ntchito labotale ya yunivesite pa tchuthi, ndiponso kuti ophunzira a yunivesite, makamaka atsikana amene akuchita bwino pa sayansi, azibwera mobwerezabwereza kudzacheza ndi ana anu za maphunziro ndi ntchito. Musaone ngati mukupempha chifundo. Mabungwe ambiri opereka ndalama za kafukufuku amafuna kuti ofufuza aonetse mmene ntchito yawo ikufikira anthu, ndipo dipatimenti imapindulanso chifukwa ana anuwo ndiwo ophunzira ake a mawa, pomwe ophunzira ake a lero amamvetsa bwino phunziro akamayesa kulifotokozera ena.

Njira ina imene ndimaikonda ndi yolowetsa anthu wamba m'kafukufuku weniweni. M'chaka cha 2007, akatswiri a zakuthambo a ku Oxford anayambitsa pulojekiti ya Galaxy Zoo, momwe anapempha aliyense wokhala ndi intaneti kuti athandize kugawa m'magulu zithunzi za milalang'amba, ndipo chaka chomwecho a Hanny van Arkel, mphunzitsi wa sukulu wa ku Netherlands, anaona pa chithunzi china chinthu chachilendo chimene akatswiri anali asanachizindikire, chomwe tsopano chimatchedwa ndi dzina lawo. Ana anu nawonso angathe kuyeza mvula, kutentha kwa tsiku, kapena kulemba mitundu ya mbalame ndi tizilombo ta pa sukulu, n'kumatumiza manambalawo kwa ofufuza amene akuwafuna. Mwana amene wadziwa kuti nambala imene walemba ikagwiritsidwa ntchito ndi munthu wina amayamba kuyeza mosamala popanda womukakamiza.

FUNSO: Zaka ziwiri zapitazo kunabwera ofufuza a ku yunivesite m'dera lathu. Anatifunsa mafunso ambiri ndipo anatenga madzi a m'zitsime zathu kuti akawayeze. Mpaka lero sitinamve zimene anapeza. Kodi umu ndi mmene zimayenera kukhalira? — Mayi wodera nkhawa

YANKHO: Mayi, umu si mmene zimayenera kukhalira, ndipo mwachita bwino kufunsa. N'zoona kuti kafukufuku amatenga nthawi, chifukwa zotsatira zimayenera kusanthulidwa, kulembedwa, ndi kuunikidwa ndi akatswiri ena zisanasindikizidwe, ndipo zonsezi zingathe kutenga chaka kapena kuposerapo. Koma kuchedwa kwa kusindikiza sikuletsa ofufuza kubwerera kwa eni zitsime kukanena pamene afika, ndipo ngati anapeza chinthu choopsa pa thanzi, anayenera kudziwitsa inu ndi akuluakulu a zaumoyo nthawi yomweyo osadikira magazini.

Malamulo oteteza anthu otenga nawo mbali pa kafukufuku anabwera chifukwa cha nkhanza zenizeni. Mfundo za ku Nuremberg za mu 1947 zinalembedwa potsatira milandu ya madokotala a chipani cha Nazi amene ankayesera zinthu pa akaidi, ndipo zinaika patsogolo chilolezo chimene munthu wapereka mwaufulu. M'chaka cha 1964, bungwe la madokotala padziko lonse la World Medical Association linavomereza chikalata cha ku Helsinki, chomwe chakhala chikukonzedwanso kangapo, ndipo chimanena kuti otenga nawo mbali ayenera kupatsidwa mwayi wodziwa zotsatira za kafukufukuyo. Ku Tuskegee, m'dziko la America, amuna akuda pafupifupi 400 odwala chindoko anatsatiridwa kuyambira mu 1932 mpaka mu 1972 osauzidwa zoona za matenda awo ndiponso osapatsidwa penisilini ngakhale pamene anadziwika kuti amachiritsa, ndipo nkhaniyi itaululika malamulo anakhwimitsidwa. N'chifukwa chake lero kafukufuku wokhudza anthu amayenera kuvomerezedwa kaye ndi komiti yapadera yoona za ufulu ndi chitetezo cha otenga nawo mbali.

Ine ndimaona kubweza zotsatira kwa anthu amene anatsegula zitseko zawo ngati mbali yoyambirira ya ntchito yofikira anthu, yofunika kuposa zionetsero zonse. A Wangari Maathai, omwe analandira PhD ku yunivesite ya Nairobi m'chaka cha 1971 ndipo anadzakhala mkulu wa dipatimenti kumeneko, anamvetsera amayi a kumidzi akudandaula za kusowa kwa nkhuni ndi madzi abwino, ndipo m'chaka cha 1977 anayambitsa gulu la Green Belt Movement lodzala mitengo pamodzi ndi amayiwo. Ophunzira amene amapita kukatenga madzi kapena kufunsa mafunso ayenera kuphunzitsidwa ndi aphunzitsi awo kuti ulendo wobwerera kukafotokoza zotsatira, m'chilankhulo chimene anthuwo amamva, ndi gawo la kafukufukuyo, ndipo ndalama zake ziyenera kuikidwa mu bajeti kuyambira pachiyambi.

Ngati munasainitsidwa kapena kudinda chala pa fomu yopereka chilolezo, yang'anani kope limene anakusiyirani, chifukwa nthawi zambiri pamakhala dzina la mtsogoleri wa kafukufukuyo ndi njira yolumikizirana ndi komiti imene inavomereza ntchitoyo. Ngati mulibe kope, lembani kalata pamodzi ndi atsogoleri a dera lanu yopita kwa mkulu wa dipatimenti kapena ofesi yoona za kafukufuku pa yunivesiteyo, mutchule mwezi ndi chaka chimene ofufuzawo anabwera ndi zimene anatenga, ndipo mupemphe kuti atumize munthu wodzafotokoza zotsatira pa msonkhano wa anthu onse. Pamene mukudikira yankho, ngati mukukayikira madziwo, dziwitsani ogwira ntchito zaumoyo a m'dera lanu kuti awayeze paokha.